Viniga wotsukuluzira tsitsi: fungo likakana kumvera

Dandaulo lake limabwera mofanana. Munthu watsuka tsitsi, watsukuluza ndi viniga wosungunula kuti lifewe ndi kuwala, koma pofika madzulo mutu ukununkha ngati saladi wa pachiwaya. Sabata yotsatira akuwonjezera mafuta a lavenda, kuchoka pa madontho 5 kufika pa 20. Fungo la viniga likadalipo, ndipo tsopano paliwombo payamba kuyabwa. Botolo lija limathera kuseri kwa chitseko, mwiniwake n'kumati viniga samuyanja.

Kawirikawiri viniga alibe mlandu. Viniga wa m'sitolo amakhala ndi asidi wotchedwa acetic acid magawo 5 pa 100, ndipo otsalawo pafupifupi onse ndi madzi. Mafuta onunkhira a zomera, aja amabwera m'timabotolo takuda tolembedwa kuti essential oil, sasungunuka m'madzi, choncho sasungunukanso mu viniga. Komanso asidi yemweyo amene amachotsa zotsalira za sopo m'tsitsi amawononga mafungo ena akakhalitsa nawo m'botolo. Fungo la viniga siliphimbika ndi kuchuluka kwa madontho. Limachoka lokha tsitsi likauma, ndipo ntchito ya zitsamba n'kusiya kafungo kabwino viniga atauluka kale.

Fungo la viniga silikuchoka m'mutu

Yambani n'kuona muyeso wanu. Supuni yaikulu imodzi, ya mamililita 15, m'kapu ya madzi ya mamililita 250 ndi yokwanira. Amene amatsuka ndi sopo wamtanda m'madzi a pamjigo aja ovuta kuchita thovu akhoza kufika pa masupuni 2, osapitirira. Ambiri amangothira moyerekeza, theka viniga theka madzi, ndipo zimenezo n'zamphamvu kuposa ka 8 poyerekeza ndi supuni imodzi ija.

Anthu amaopa kuti akasungunula kwambiri, viniga sagwira ntchito. Manambala akukana. Pa muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH, nambala ikakhala yotsika ndiye kuti kuwawasa n'kwakukulu. Viniga wa 5% amakhala ndi pH ya pafupifupi 2.5, ndipo kumusungunula ka 10 kumangokweza pH ndi theka la nambala, kufika cha pa 3. Khungu la m'mutu limakhala cha pa 5.5, pomwe sopo wamtanda ali pakati pa 9 ndi 10. Ndiye kuti madzi a supuni imodzi aja akadali owawasa mokwanira kusungunula litsiro loyera limene sopo amasiya akakumana ndi michere ya m'madzi yotchedwa calcium ndi magnesium. Chimene chimachepa kwambiri mukasungunula ndi fungo ndi kuluma kwake, osati ntchito.

Mtundu wa viniga ulinso ndi gawo. Woyera amalowa m'mphuno mwaukali, koma ndi amene amauluka msanga osasiya kanthu, ndipo amalandira bwino fungo la zitsamba. Wa maapozi amamveka wofatsa m'botolo, koma amasiya kafungo ka zipatso zosasa kamene kamakhalitsa. Wabulawuni wotchipa nthawi zambiri amakhala woyera yemwe uja wongothiridwa utoto wa shuga wowotcha, ndipo palibe chimene amawonjezera. Amene muli ku Britain pewani malt vinegar, chifukwa fungo lake ndi la tchipisi basi. Werenganinso chizindikiro cha pabotolo: pali viniga wotsukira m'nyumba amene asidi wake amaposa 5%, ndipo ku Germany amagulitsa wina wa 25%. Ameneyo asayandikire kumutu.

Viniga wopanga nokha ndi makoko a chinanazi kapena nthochi akamanunkha mowa, kapena ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndiye kuti sanapse. Muvindikireni ndi kansalu, mumusiye masabata ena 2 kapena 3 kuti mpweya umalize ntchito yake. Palibe chitsamba chingabise fungo limenelo.

Muyeso ukakhala kuti uli bwino, vuto latsala pa kuumitsa. Asidi wa viniga amauluka limodzi ndi madzi, ndiye tsitsi likakhala lonyowa, fungo limakhalanso. Tsitsi lachilengedwe lothithikana, loluka, la meshi kapena madredi limasunga chinyezi kumizu tsiku lonse ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Mukamangapo duku kapena kuvala wigi, mwatsekera viniga m'kati. Tsukani m'mawa. Siyani viniga m'mutu mphindi 2 kapena 3, kenako tsanuliranimo kapu imodzi ya madzi ozizira opanda kanthu. Finyani ndi thaulo kapena sikipa yakale popanda kupukuta mwamphamvu, ndipo gawani tsitsi m'mizere kuti mphepo ifike pakhungu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kuchiperoni cha ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, musadalire dzuwa, lowani m'draya.

Fungo likamabwerera mukatuluka thukuta kapena mukanyowa ndi mvula, ndiye kuti asidi anatsalira. Chepetsani muyeso ndipo musadumphe madzi omalizira aja. Koma likakhala fungo longa la zovala zogonera m'beseni, ameneyo si viniga. Ndi tsitsi limene lakhala lonyowa nthawi yaitali, ndipo mankhwala ake ndi kulimasula, kulitsukanso ndi kuliumitsa.

Soda musamuthire. Thovu limene mumaona soda akakumana ndi viniga ndi chizindikiro choti asidi watha. Fungo limachepadi, koma chotsala m'kapu ndi madzi amchere opanda ntchito.

Mafuta akuyandama pamwamba

Ili ndiye vuto limene limapweteka anthu. Kuti mulione ndi maso, tsanulirani viniga wanu wonunkhiritsa m'tambula yagalasi, muisiye mphindi 10, kenako muiyang'ane poloza kuzenera. Mudzaona timaso tonyezimira pamwamba ndi kamzere ka mafuta kozungulira m'mphepete. Kukhutchumula botolo kumangoswa mafutawo kukhala timadontho ting'onoting'ono, ndipo pasanathe mphindi timayamba kukwera n'kulumikizananso. Mukapendeka kapu pamutu, choyamba kutsika ndi mafuta aja, osasungunuka, pamalo amodzi. N'chifukwa chake kuyabwa kumayambira paliwombo kapena pamphumi pamene munayambira kuthira, ndiponso n'chifukwa chake theka lomaliza la botolo silinunkhira kanthu. Kuwerengera kuti madontho 4 m'kapu yonse ndi ochepa kulibe tanthauzo ngati onse 4 agwera pamodzi.

Zambiri zimene anthu amauzana kuti zimasakaniza mafuta ndi madzi sizitero. Mchere sutero, uchi sutero, giliserini ndi madzi a aloe vera chimodzimodzi. Mowa wa 40% monga vodka uli ndi madzi ochuluka kwambiri moti sungagwire mafuta. Kachasu mphamvu yake siidziwika ndipo amabwera ndi fungo lake. Sipiriti wapepo ali ndi mankhwala owonjezera amene sakufunika pakhungu la m'mutu. Ngakhale ethanol wa 95%, mowa weniweni wokhala ndi madzi ochepa kwambiri, amene amasungunuladi mafutawa, amawataya mukangothiramo madzi ambiri: madzi amasanduka mbuu ngati mkaka, ndipo pakapita nthawi mafuta amakweranso.

Chimene chimagwira ntchito ndi polysorbate 20, madzi okhuthara achikasu amene amagulitsa anthu ochita malonda a zipangizo zopangira sopo ndi mafuta odzola. Mbali imodzi ya kachidutswa kake kalikonse imagwira mafuta, ina imagwira madzi. Chinsinsi chili pa ndondomeko:

1. M'kagalasi kouma, donthezani madontho 10 a mafuta onunkhira. Madontho 20 amapanga pafupifupi mililita imodzi, ndiye amenewa ndi theka la mililita.
2. Onjezani polysorbate 20 wochuluka ka 3 kapena ka 4 kuposa mafutawo, kutanthauza mamililita 1.5 mpaka 2. Jakisoni wopanda singano amayeza bwino kuposa supuni.
3. Takasani ziwirizi zokha kwa mphindi yathunthu mpaka zikhale chinthu chimodzi choonekera.
4. Yambani kuthiramo viniga wosefa pang'onopang'ono, supuni imodzi kaye uku mukutakasa, mpaka akwane mamililita 125.
5. Siyani usiku wonse. M'mawa onani ngati pali kamzere ka mafuta.

Cholakwika chofala n'kuthira mafuta ndi polysorbate payekhapayekha m'botolo lodzaza viniga. Zikatero sizipezana bwino ndipo mafuta amayandamabe. Ngati mwatsata ndondomeko koma kamzere kalipo, pangani china ndi muyeso wa ka 5, chifukwa mafuta a malalanje ndi ena olemera monga cedarwood amafuna wochulukirapo kusiyana ndi lavenda. Kuchita chifunga si vuto bola pasakhale mafuta pamwamba, ndipo kathovu kotuluka pokhutchumula n'kachibadwa. Polysorbate akachuluka mopyola, tsitsi limamveka lomata likauma.

Botolo limeneli ndi lamphamvu, lofunika kulisungunulabe supuni imodzi m'kapu. Mukawerengera, pa kutsuka kumodzi mumagwiritsa ntchito dontho limodzi ndi pang'ono, lomwazika m'madzi onse. Kafungo kake kamakhala kapansipansi, koti amene wakuyandikirani ndiye angakamve. Mukafuna kokwererapo mutha kufika pa madontho 20 m'mamililita 125 omwewo, polysorbate naye n'kuwirikiza kawiri.

Polysorbate sapezeka paliponse, ndipo kunena zoona njira yabwino kwa ambiri n'kusathira konse mafuta mu viniga. Aikeni pamene angasungunuke. Madontho 3 m'supuni yaikulu ya kondishona amasakanikirana bwino chifukwa kondishona anapangidwa kale kuti agwire mafuta ndi madzi. Kapena madontho 6 m'masupuni aakulu 2 a mafuta odzola kumutu, kaya a kokonati, a nsatsi kapena a malambe, zomwe ndi gawo limodzi pa 100. Fungo lake limakhala masiku, pomwe la m'madzi otsukuluzira lambiri limapita ndi madzi pansi pa bafa.

Onetsetsaninso kuti chimene munagula ndi mafuta enieni. Timabotolo ta perefyumu ta pamsika ndi mafuta onunkhiritsa m'nyumba sanapangidwire khungu la m'mutu. Enieni amakhala m'galasi lakuda ndipo amalembedwa dzina la chomera m'Chilatini, monga Lavandula angustifolia. Donthezani limodzi papepala loyera: a lavenda, a minti kapena a bulugamu amauma pofika mawa osasiya banga, koma osakanizidwa ndi mafuta ophikira amasiya banga lowala ngati la mandasi panyuzipepala. Oterewa ndi amene amalemetsa tsitsi.

Linkanunkhira bwino, pano lasintha

Botolo la viniga wonunkhiritsa ndi lemongrass limayamba bwino kwambiri, ndipo patatha masabata angapo limanunkha ngati thina wa penti kapena mankhwala a kuchipatala. Silinavunde ayi. Fungo la mandimu la mu lemongrass limachokera ku citral, ndipo citral sapirira m'madzi owawasa. Asidi amamusandutsa zinthu zina za fungo loipa, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Botolo losiyidwa pazenera la bafa kapena pansi pa denga la malata mu Okutobala silichedwa. Lavenda naye amasintha, ngakhale pang'onopang'ono: gawo lake lokoma, linalyl acetate, limasweka mu asidi, n'kutsala fungo louma ngati la masamba. Mafuta a malalanje ndi a tea tree amawonongeka ndi mpweya ndi kuwala, ndipo akakalamba chonchi amayabwitsa kuposa atsopano. Amene amapirira bwinoko ndi rosemary, minti, bulugamu ndi cedarwood.

Ndiye lemongrass asamagone mu viniga. Mupangeni ngati tiyi tsiku lotsuka. Dulani masamba aawisi odzaza dzanja, kapena ouma masupuni aakulu 2, muwathire madzi owira mamililita 300 n'kuvindikira mphindi 15. Chivindikiro n'chofunika, popeza fungo limathawa ndi nthunzi, ndipo timadzi togwirira kunsi kwake mutigwetsere momwemo. Akazizira sefani, thiranimo supuni ya viniga wopanda kanthu, pitani kubafa. Citral amakumana ndi asidi kwa mphindi zochepa chabe, ndipo palibe njira ina imene imapereka fungo lowala chotere. Minti ndi mpungabwi amachitanso bwino motere. Madzi a rozi ogulitsidwa m'masitolo a zokometsera zakudya akhoza kulowa m'malo mwa theka la madzi osungunulira, bola akhale opanda shuga ndi utoto.

Muyeso wa mamililita 125 uja sitinangousankha. Umakwana kutsuka ka 8, miyezi 2 kwa wotsuka kamodzi pa sabata, ndipo kupitirira apo fungo limakhala litayamba kusintha. Lembani tsiku pabotolo, mulisunge m'kabati mozizira.

Zitsamba zoviika sizikupereka fungo, kapena zikununkha achali

Mphuno imadziwa kale kuti viniga wokumana ndi adyo, jinja, cloves, coriander, thyme kapena oregano ndi chakudya. Zimenezi zingakhale zabwino motani, pamutu zimamveka ngati achali. Masamba a nimu sawonjezera fungo lokoma, ndipo mafuta a nimu amanunkha ngati adyo wopserera. Zimene zimagwirizana ndi viniga ndi rosemary, minti, maluwa a lavenda, masamba ochepa a bulugamu ndi makoko a malalanje kapena manachesi. Sankhani ziwiri, zikachuluka zitatu. Kuphatikiza zambiri kumapereka fungo la udzu wonyowa basi.

Muyeso wake, m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu la theka la lita: zitsamba zouma zifike gawo limodzi mwa magawo 3 a botolo, kenako viniga wa 5% wosasungunula adzaze mpaka apitirire zitsambazo ndi zala ziwiri. Tsekani, sungani pamdima masabata 2 mpaka 4, ndipo muzikhutchumula tsiku ndi tsiku sabata yoyamba. Zitsamba zouma zimamwa viniga n'kufufuma, ndiye tsiku lachiwiri onani ngati pakufunika kuwonjezera. Sefani kawiri, koyamba ndi sefa, kachiwiri ndi nsalu yoyera yothithikana. Tizinyenyeswa totsalira timakanirira m'tsitsi lachilengedwe ngati mfundu, komanso timatseka kabowo ka botolo lopopera.

Fungo likakhala lochepa, kawirikawiri zitsambazo zinali zitafa kale. Tikitani tsamba louma pakati pa zala: ngati simukumva kanthu, viniganso sapeza kanthu. Kuyanika padzuwa ngati mfutso kumathamangitsa mafuta onunkhira. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, palichero, mpaka tsamba lizithyoka mukalipinda. Ngati zitsamba zinali zabwino koma mukufuna fungo lokwera, sefani n'kuviika zatsopano mu viniga yemweyo masabata ena 2. Kusiya zakale miyezi sikuwonjezera fungo, kumangodetsa viniga.

Ofulumira amawiritsa viniga pamodzi ndi zitsamba, ndipo nyumba yonse imanunkhira pomwe m'poto simutsala kanthu. Nthunzi yake imalumanso m'maso ndi pakhosi. Mukafuna kufulumira, mufunditseni chabe, afike poti chala chikhoza kulowamo n'kutuluka msanga, muthire pa zitsamba, mutseke, musefe pakatha masiku 5 mpaka 7. Poto akhale wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamelo wosasweka. Mapoto athu a aluminiyamu amadyeka ndi asidi, ndipo viniga amatuluka wotuwa, wonunkha chitsulo.

Pa makoko, tengani khungu la pamwamba lokha. Choyera cha m'kati chili ndi zinthu zomata zotchedwa pectin zimene zimachititsa viniga chifunga ndi kusiya tsitsi lomata. Manachesi, monga aja amadzaza m'misika kuchokera ku Mwanza nthawi yachisanu, ndi osavuta chifukwa makoko ake ndi opyapyala ndipo amauma msanga. Atsukeni musanasende. Makoko a mandimu ali ndi zinthu zimene zikatsalira pakhungu n'kuwombedwa dzuwa zimatha kuwotcha n'kusiya mabanga akuda, ndiye mukawagwiritsa ntchito sambani bwino pakhosi, m'makutu ndi pamphumi. Malalanje otsekemera alibe vuto limeneli.

M'botolo mwamera zinthu

Pali ziwiri zosiyana. Chinthu choterera, chotuwa, chonga mnofu wopyapyala, choyandama kapena chomira, ndi chimene mabakiteriya opanga viniga amaluka. Chimapezeka kwambiri mu viniga wa maapozi wosasefa ndi wopanga kunyumba. N'chosavulaza: sefani, pitirizani. Koma nguwi ndi youma, yaubweya, yoyera, yobiriwira kapena yakuda, ndipo imamera pamwamba, makamaka pa tsamba kapena khoko limene latulukira kunja kwa viniga. Mukaiona tayani zonse, botolo mulitsuke ndi madzi otentha. Kuyengula pamwamba pokha n'kudzinamiza.

Nguwi imabwera pa zifukwa zodziwika. Zitsamba zimayandama n'kukhudza mpweya, ndipo mankhwala ake n'kuzipsinja ndi kagalasi koyera kolowa pakamwa pa botolo. Masamba aawisi amatulutsa madzi awo n'kusukulutsa asidi, ndiye ngati mulibe ouma afooketseni pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo asakhale ndi dontho la madzi otsukira. Viniga wopanga nokha mphamvu yake siidziwika, kotero ndi wabwino kutsukuluzira koma osati kuviikira zitsamba masabata. Nthawi ya dzinja zonsezi zimakula.

Chachikulu n'chakuti viniga wosasungunula ndiye amadzisunga yekha. Mukangothira madzi, makamaka tiyi wa zitsamba, asidi amatsika kufika pa magawo 0.3 pa 100, ndipo mphamvu yoteteza imatha. Osungunula ndi a tsiku lomwelo. M'firiji angathe kugona masiku 2 kapena 3, koma botolo lopopera lokhala m'bafa mwezi wathunthu ndi munda wa tizilombo, ndipo mafuta onunkhira sangaliteteze.

Viniga akasanduka wakuda, chotsekera chitamata ndi dzimbiri, ndiye kuti nthunzi ya asidi yadya chitsulo. Gwiritsani ntchito chotsekera chapulasitiki, kapena yalani kapulasitiki kokhuthara pakamwa musanatseke. Kasipulingi ka m'mutu wa botolo lopopera kamadyekanso chimodzimodzi, ndiye muzipoperamo madzi oyera mukamaliza. Botolo limene munali Jik musaliyerekeze n'komwe, chifukwa viniga akakumana ndi zotsalira zake amatulutsa mpweya wa chlorine wowononga mapapo. Hydrogen peroxide, mankhwala aja otsukira mabala ndi kuyeretsera tsitsi, nayenso asasakanizidwe ndi viniga.

Tsitsi lauma, lamata kapena lasintha mtundu

Tsitsi lachilengedwe la mapiringidzo limauma msanga chifukwa mafuta a pakhungu amavutika kutsika nalo. Viniga sapatsa tsitsi chinyezi. Amangochotsa zotsalira ndi kugoneka timamba ta pamwamba pa tsitsi kuti liziterera. Kamodzi pa sabata ndi kokwanira, ndipo kwa ambiri kamodzi pa masabata 2 ndi bwino. Likayamba kumveka gwa ngati khonje kapena kuthyoka pachipeso, talikitsani masiku, tsikani pa theka la supuni, ndipo muzidzola likadali ndi kachinyezi.

Kumata kuli ndi magwero ake: polysorbate wochuluka, pectin wa makoko, mafuta achinyengo, kapena viniga wothiridwa sopo asanachoke. Chomalizachi n'chofala. Asidi akakumana ndi sopo weniweni amamubweza kukhala mafuta, ndipo m'tsitsi mumatsala zoyera zomata ngati phula. Tsukuluzani sopo yense ndi madzi kaye, viniga abwere pambuyo, ndipo ziwirizi zisakhale m'botolo limodzi.

Chidede chimapereka viniga wofiira psuu wokongola, ndipo asidi amaulimbitsa mtunduwo. Patsitsi lakuda simuona kanthu, koma imvi, meshi yowala, tsitsi loyeretsedwa ndi mankhwala ndi thaulo loyera zimatenga mtundu wa pinki. Tiyi wakuda ndi rosemary woviikidwa nthawi yaitali zimadetsa imvi pang'onopang'ono. Yesani kaye pa tsitsi lotsalira pachipeso.

Kuyabwa ndi kuwotcha

Kuti mudziwe wolakwa, siyani zonse mpaka khungu lipole, kenako yesani viniga wosungunula yekha wopanda chonunkhiritsa. Ngati palibe vuto, mlandu uli pa mafuta kapena chitsamba. Chatsopano chilichonse muziyamba mwachiyesa m'kati mwa mkono, chosungunula monga mmene chidzapitire kumutu, n'kudikira maola 48.

Mafuta ena ndi aukali ngakhale atasungunuka bwino. A makungwa a sinamoni asiyeni kunja, chifukwa malire ake pakhungu ndi ochepa kuposa gawo limodzi pa 1,000. A cloves asapitirire 0.5% ndipo a lemongrass 0.7%, zomwe m'masupuni 2 a mafuta odzola aja zikutanthauza madontho 3 a cloves kapena 4 a lemongrass, osati 6. A mandimu ofinyidwa m'makoko ndi a bergamot amawotcha khungu padzuwa. A peppermint ndi a bulugamu asafike pafupi ndi nkhope za makanda ndi ana aang'ono chifukwa amatha kusokoneza kupuma, ndipo madzi otsukuluzira amatsikira kumaso nthawi zonse. Kwa ana, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu, viniga wosungunula kwambiri wopanda mafuta onunkhira ndiye wosadetsa nkhawa.

Dontho la mafuta likagwera pakhungu n'kuyamba kuwotcha, madzi okha salichotsa msanga. Pukutani ndi kansalu konyowetsa mafuta ophikira, kenako sambani ndi sopo. M'maso ndi nkhani ina: tsanulirani madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, ndipo ngati kupweteka kapena kufiira sikukutha pitani kuchipatala. Pothira kumutu weramirani chagada, osati chakutsogolo.

Viniga asafike pakhungu lotupa, lokandika kapena la zilonda. Amene mwangofewetsa kumene tsitsi ndi relaxer, pH ya mankhwala amenewo imakhala yokwera kwambiri ndipo nthawi zambiri amasiya timabala ngakhale tosaoneka. Gwiritsani ntchito shampu yochotsa mphamvu ya mankhwalawo imene imabwera nawo, ndipo viniga wonunkhiritsa adikire mpaka khungu litapoleratu. Chimodzimodzi mukangomasula tsitsi lolukidwa mothina limene lasiya timatuza m'mphepete.

Mwana akakhala ndi malo ozungulira m'mutu pomwe tsitsi lathothoka ndipo pakutuwa, chimenecho kawirikawiri ndi chipere. Chimakhala m'kati mwa tsitsi lenilenilo, mmene viniga kapena tea tree sangafike, ndipo chimachira ndi mankhwala akumwa kwa masabata angapo, monga griseofulvin, olembedwa kuchipatala. Chipeso, thaulo ndi makina ometera a mwanayo zikhale zake yekha mpaka atachira.